Zithunzi Seveni M'pepala la Shuga

Anandiitana Lachiwiri, sabata yachiwiri ya Febuluwale, tili pa mzere wa sikelo. Dengu langa la tiyi linali lisanayezedwe n'komwe. Kapitawo anabwera osandiyang'ana kumaso. Akuti, "Achimwene, tulani dengu. Akukufunani ku ofesi."

Ku ofesiko ndinapeza amuna awiri ovala malaya wamba. Galimoto ya polisi anaiimika kuseri kwa fakitale kuti anthu asaione, koma anaiona ndithu. Mmodzi anafunsa ngati ndine ndinapita ku Blantyre Loweruka kukafunsa za tikiti ya ndege. Ndinati eya, ndine. Akuti, "Ndiye tiyeni, mdala, mukatifotokozere bwino." Ndinakwera galimoto epuloni yothyolera tiyi ili m'chiuno, yonyowa.

Sukulu ndinalekera sitandade folo, ndiye za malamulo musandifunse. Ndingonena zomwe zinachitika.

Mwana wanga wamkazi, wachisamba, anapita ku dziko lina la Aluya kukagwira ntchito ya m'nyumba. Anamutenga ndi mkulu wina wa suti wa ku Luchenza, yemwe anatenganso atsikana ena sikisi m'malaini mwathu muno, mokhala antchito a esiteti. Atafika uko anamulanda pasipoti. Foni yokha mwanayo ankaibisa m'chidebe cha sopo wochapira. Lachisanu lililonse, eni nyumba akapita kopemphera, ankanditumizira voisi, uthenga wa mawu uja wa pa foni. Ku malaini netiweki kulibe, ndiye ine ndinkakwera kaphiri ka pamwamba pa damu, n'kukhala pamwala, foni kukhutu. Poyamba ankaseka, kufunsa ngati mapeyala a kuseri kwa nyumba akhwima. Kenaka kuseka kunatha. Tsiku lina anangoti, "Ababa, mudzanditenge."

Pa wailesi ananena kuti boma laletsa anthu kupita dziko limenelo. Ndinamva ndithu. Koma ndinati aletsa opita kukagwira ntchito. Ine sindikukagwira ntchito, ndikukatenga mwana wanga. Ndinagulitsa njinga ndi mbuzi, ndinadikira pasipoti mpaka inatuluka.

Tsono kwathu kuno munthu suyenda ulendo wako wekha. Ukangoti mawa ndikupita ku Limbe, uyu akupatsira uthenga wa alamu ake, uyo kathumba ka nandolo. Amayi a atsikana ena aja atamva za ulendo wanga anabwera pakhomo mmodzimmodzi. Aliyense ndi chithunzi cha mwana wake, kumbuyo atalemba dzina ndi zaka, kuti ndikafika ndikafunse. Mayi wa khomo loyandikana nafe anawonjezera kalongonda wouma, womanga m'kansalu. Akuti, "Mukamuona mumupatse, amamukonda." Tonse tinkaganiza kuti dzikolo lili ngati Bvumbwe, ukafunsa pa msika akulozera. Sekani ngati mukufuna. Zithunzizo, pamodzi ndi cha mwana wanga, zinakwana seveni. Ndinaziika ndi pasipoti m'pepala la shuga kuti mvula isazinyowetse.

Loweruka lija ku Blantyre, ku ofesi yogulitsa matikiti, ndinapeza mtsikana wa zikhadabo zazitali. Ndinati ndikufuna tikiti imodzi yopita, ziwiri zobwerera. Akuti, "Bambo, kumeneko popanda kalata ya boma simungapite." Ndinati onani kaye pasipoti, ndi yatsopano. Poitulutsa, zithunzi zonse zinakhuthukira pa tebulo. Anaziyang'ana, anatembenuza chimodzi. Kenaka anamwetulira, n'kundifunsa komwe ndimagwira ntchito, n'kulemba. Akuti andiimbira. Ine chitsiru ndinamuthokoza mpaka kuwomba m'manja.

Lachiwiri lija apolisi anadzera kunyumba kukatenga pepala la shuga ndi kalongonda. Titafika ku polisi anandivula nsapato ndi lamba. Foni anaizimitsa n'kuiponya m'dirowa.

Wofunsa mafunso anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri. Anayala zithunzi pa tebulo ngati makhadi a juga.

"Katunduyu ukupita naye liti?"

"Si katundu, abwana. Ndi ana. Ali komweko kale."

"Wavomera wekha kuti ali komweko. Unawatumiza bwanji?"

"Uyu wa malaya a kwayayu ndi wanga wobereka ine."

"Onse amatero. Munthu wothyola tiyi, ndege waidziwira kuti?"

Ndinamuuza za mkulu wa suti uja, dzina lake, ndi malo omwe amamwera ku Luchenza. Anati afufuza. Mpaka lero akufufuza.

Lachitatu anandifunsa kawiri, m'kachipinda kopanda zenera. Ulendo wachiwiri panali paipi ya pulasitiki. Khutu lakumanzereli silimvanso bwino. Ndi lomwe ndinkamvera foni.

M'selo tinalimo ambiri. Ndowa inali pakona. Ogona ankagona chokhala. Zimenezo sindidandaula nazo kwambiri, ine ndinakulira m'malaini. Chomwe chinkandidya ndi masiku. Ndinkawerenga ndi zala, ndikudziwa kuti Lachisanu likubwera.

Lachisanu litafika, dzuwa lili pamutu, ndinagogoda chitseko mpaka wapolisi wa pa kauntala anabwera. Ndinagwada. Ine sindinagwadirepo ngakhale manijala wa esiteti. Ndinati, "Abwana, ndibwerekeni foni yanga mphindi ziwiri zokha, inu muli pompo. Mwana wanga amalankhula lero lokha."

Akuti, "Foni ndi umboni, mdala. Umboni subwerekedwa."

Ndinakhala pansi. Ndinkamuona mwana wanga m'maganizo, atatsamira makina ochapira, akuyang'ana foni, akumvetsera ngati galimoto ya eni nyumba ikubwera. Wakuba nkhuku wina yemwe tinali naye m'selo anandipatsa mbatata yake. Sindinadye.

Sabata yachiwiri sanandifunsenso chilichonse. Anangondiiwala. Kukhoti sananditengere, kunyumba sananditumize. Lachisanu lina linadutsa chimodzimodzi, koma tsiku limenelo ndinamva phokoso la azimayi panja. Anali amayi a atsikana aja, onse sikisi, atajomba ku ntchito m'nyengo ya mvula, tiyi ali mbwee m'munda. Apolisi anawauza kuti abwana ali ku semina. Loweruka m'mawa anabweranso.

Wofunsa mafunso uja ananditulutsa kuti ndione. Anasakaniza zithunzi pa tebulo n'kunena kuti aliyense atole chake ndipo atchule zolembedwa kumbuyo asanatembenuze. Ankaganiza kuti agwira wina bodza. Mayi wa khomo loyandikana nafe sanadikire n'komwe kuti amalize. Anatola chake.

"Diresi iyi ndinasoketsa ndine pa Khirisimasi. Chipsera cha pachibwanochi anagwa mu mtengo wa mango. Mukufuna ndikuuzeninso tsiku lomwe ndinamubereka? Inu apolisi, mwamanga munthu yekhayo amene anati akatiyang'anire ana athu, wa suti uja mukumusiya akudya kanyenya ku Luchenza!"

Chithunzicho anachilowetsa m'bulauzi. Palibe anayerekeza kumulanda. Enawo anatola zawo mmodzimmodzi. Pa tebulo panatsala chimodzi, cha malaya a kwaya.

Wapolisi uja anachikankhira kwa ine ndi cholembera. Akuti, "Pita, mdala. Koma nawenso uziganiza." Pepani sananene. Anandibwezera nsapato, lamba ndi foni. Pasipoti anati itsale kaye, ndipo idakali komweko. Kalongonda sitinamuonenso.

Ndinakhala m'menemo masiku thwelofu.

Foni ndinatchajitsa pometera tsitsi ku Luchenza. Sindinaiyatse pamenepo. Kunyumba sindinalowe, ndinapitirira mpaka pamwala paja pamwamba pa damu. Munali mavoisi awiri. Ndinaika kukhutu lakumanja.

Ya Lachisanu loyamba: "Ababa, tikiti ija mwagula? Mukamabwera musavale jekete lanu lija, kuno kukutentha, mudzakomoka pa bwalo la ndege." Anasekako pang'ono. Ndinali nditaiwala kasekedwe kake.

Ya Lachisanu lachiwiri, monong'ona: "Ababa, bwanji simukuyankha? Ndakulakwirani? Akuti mawa akundipereka ku nyumba ina, kwa abale awo. Sindikudziwa kuti ndi kuti. Foni iyi kaya ndipita nayo. Ndimangofuna ndimve mawu anu. Ababa?"

Ndinayankha pomwepo. Ndinafotokoza zonse, kukuwa ngati wamisala, othyola tiyi kumunsi akundiyang'ana. Uthengawo unachoka mu foni yanga, koma sunafike.

Anthu amandiuza kuti ndithokoze Mulungu ndinatuluka. Ndimathokoza. Ntchito anandibwezera, ndimagona chotambalala, chitseko ndimatsegula ndekha. Koma ufulu umenewu ndipite nawo kuti? Ndikhoza kupita ku Limbe, ku Changata, kulikonse komwe minibasi imafika. Komwe kuli mwana wanga kokha ndi komwe anandiletsa. Amene anamutumiza kumeneko palibe anamuletsa.

Mkwiyo ndili nawo, sindibisa. Koma si umene umandikweza kaphiri kaja. Lachisanu lililonse dzuwa likafika pamutu ndimatula dengu, ndipo kapitawo amayang'ana kumbali. Ndimakhala pamwala n'kumuuza kuti mapeyala anakhwima, kuti sindinamukwiyire, kuti sanandilakwire chilichonse. Ndikamaliza ndimatumiza. Kenaka ndimabwezera foni m'pepala la shuga, pamodzi ndi chithunzi chake, n'kutsika kukathyola tiyi.