Tepi ya Eneless

Inu amene mukuti zanu zada, takhalani pansi mumve za a Gilford a ku Chinsapo, wojambula zithunzi amene anthu anawapatsa dzina loti Chifunga.

Chaka cha 2007 chinawapeza atatheratu. Makamera a filimu anali atatha fasho, aliyense akufuna digito. Anagulitsa njinga n'kugula kamera ya digito yogwirapo kale ntchito, koma yopanda lenzi. Anamangapo lenzi ya kamera yawo yakale, yachitsulo, ija yoti umapotokola wekha ndi dzanja mpaka nkhope ioneke bwino. Inalowa bwinobwino. Vuto linali maso awo, matenda a shuga anali atayamba kuwawononga.

Ukwati wa ku Kawale ndiwo unawamaliza. Zithunzi zonse mbuu! Mkwatibwi osadziwika, apongozi osadziwika. Eni ukwati anawagenda nazo pamsika dzuwa likuswa mtengo. Anthu ndi oipa, abale inu. Omwewo amene a Gilford anawajambulira ana awo paubatizo ndi amene anaseka kwambiri.

Kunyumba nako kunali chisoni. Akazi awo, a Eneless, telala wa pakhonde, anali chigonere, makina osokera atachita dzimbiri. Tsiku lina anawaitana.

"Bambo a Lydia, mwajambula Chinsapo yense, nanga changa chili kuti? Ndijambuleni ndisanatheretu. Mwanayu adzandikumbukira ndi chiyani?"

Lydia anali asanayambe n'komwe sukulu. Ndipo zinali zoona, chithunzi cha amayi ake panalibe. Zaka zonsezo a Gilford ankangoti filimu ndi ya makasitomala, inu ndidzakujambulani mawa.

Anajambula, mbuu. M'mawa mwake anajambulanso, mbuu. Masiku ankapita, nkhope ya a Eneless ikunka icheperachepera, ndipo bambo wamkulu uja ankakalirira kuseri kwa bafa. Koma kukacha ankanyamulanso kamera.

Tsiku lina a Eneless anailanda n'kuyang'anitsitsa lenzi ija. "Manambala awa ndi a chiyani?"

"Ndi mamita, kutalika kwa pamene pali munthu. Koma wojambula weniweni amadalira diso."

"Diso lake liti? Tandipatsani tepi yanga yoyezera."

Tepi ya telala imatalika mita ndi theka. A Eneless anapotokola okha lenziyo mpaka pa 1.5, n'kuimata ndi selotepi kuti isasunthenso. Anamanga duku lawo la kutchalitchi, amuna awo n'kuwanyamulira pakhonde. Nsonga imodzi ya tepi anaigwirira patsaya, inayo a Gilford anaigunditsa pa kamera. Kenako a Eneless anaitaya pansi, a Gilford n'kudina.

A Eneless anayang'ana kagalasi ka kumbuyo kwa kamera nthawi yaitali.

"Ndine uyu," anatero. "Ndi kachipsera kapachibwano komwe."

Anamwalira mvula isanagwe. Chithunzi chija chinaikidwa pabokosi, ndipo azimayi a kwaya ankanong'onezana kuti wajambula ndani chonchi. Atamva kuti ndi Chifunga, ena anazyolika.

Pang'onopang'ono anthu anayamba kubwera: ofuna zithunzi za ziphaso za ntchito ku Kanengo, ana a sukulu, agogo ofuna kusiyira adzukulu nkhope zawo. Tepi ikawakhudza patsaya ankaseka. "Mukundisokera suti kodi, madala?" Ankaseka, koma ankabweranso ndi anzawo. Pofika 2009 a Gilford anali ndi kasitudiyo kawo pafupi ndi msika, tepi ija ili m'khosi tsiku lililonse. Lydia akamapita kusukulu ankatsanzika chithunzi cha pakhoma kuti, "Amayi, ndapita."

Ndiye musandiuze kuti zida zanu n'zakale kapena kuti thupi lakutayani. Limbani mtima, nyamulaninso pamene munagwetsera. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: a kunyumba kwanu musamawauze kuti mawa. A Gilford anajambula anthu osawerengeka, koma chithunzi cha a Eneless ali nacho chimodzi chokhacho, ndipo anawajambula mayiwo atadwala kale.