Mtima wa Hatchi Yofiira

Sukulu ndinalekezera folomu 2, nditagenda mphunzitsi ndi dasitala pamphumi. Kuyambira pamenepo ndinkayendetsa ngolo ya amalume ku Mchinji, ndipo ng'ombe ndinkazidziwa. Yamwano tinkaimangirira pamtengo tsiku lonse osamwa madzi, mawa lake n'kuikoketsa chipika mpaka igwade. Palibe ankati ndi nkhanza. Tinkati kuphunzitsa.

Ku Nairobi ananditengera mayi ena akwathu, a mpingo umodzi ndi amayi anga, ogwira ntchito kubungwe lina lalikulu. Amayi anachita kuwapempha kuti andichotse pamudzi ndisanavulaze munthu. Ine ndinkawatchula kuti madamu. Ankasunga mahatchi kukhola lina kupitirira mafakitale a ku Athi River, komwe kuli mitengo yaminga ndi fumbi basi. Mipikisano yawo inali ya mtunda wautali, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Panjira dokotala wa ziweto amamvetsera mtima wa hatchi. Mtima ukachedwa kutsika, hatchiyo imachotsedwa, ngakhale ili patsogolo.

Woyang'anira khola anali bambo wachikulire wa ku Kenya komweko, tonse tinkangoti mzee. Ndiye anandiphunzitsa kumanga chishalo ndi kukwera. Tinkamvana m'Chiswahili changa chotolera m'maminibasi, omwe kumeneko amati matatu.

Hatchi yofiira inabwera pa lole Loweruka lina, itachotsedwa kubwalo la mipikisano ya liwiro. Mwini wake anapatsa madamu masabata atatu kuti aiyese. Mzee anandiuza tsiku lomwelo kuti ikabwezedwa ilibenso kwina kopita, chifukwa mkulu ameneyo mahatchi okanidwa amawapereka kwa opanga chakudya cha agalu.

Inkadziwa chinthu chimodzi chokha, kuthamanga. Ukangoika phazi kuti ukwere, yanyamuka kale. Pamadzi inkangonunkhiza n'kutembenuka, chonsecho hatchi yosamwa panjira singamalize ulendo. Mzee ankaiyendetsa ndi chingwe kuzungulira khola, kenako n'kukhala pandowa pafupi ndi chomwera, kuimba mluzu ola lathunthu kudikira kuti imwe.

"Pole pole, kijana," ankatero, kutanthauza kuti pang'onopang'ono, mnyamata. "Iyi si thirakitala."

Loweruka lotsatira madamu anabwera kudzaona. Ndinakwera ine chifukwa ndine wopepuka. Sitinafike n'komwe pachipata. Inadzidzimuka ndi pepala la pulasitiki, n'kudumphira kumbali, ine n'kugwera chagada pachitsamba chaminga. Ndikudzuka, madamu anali atagwira m'mimba ndi phwete.

"Iwe, paja unkati ng'ombe za ku Mchinji zimakugwadira? Nanga lero wagwada ndani?"

Mzee nayenso ankaseka, akundizula minga kumsana. Hatchiyo inaima patali ikudya udzu ngati palibe chachitika. Ndinaiyang'ana, m'makutu mwanga mukutentha.

Lolemba mzee anapita kwawo kumaliro. Khola linatsala m'manja mwanga sabata yonse.

Ndinaimangirira pamtengo wa kuseri kwa khola, chingwe chachifupi, mutu m'mwamba. Madzi ndinawaika poti iziwaona koma osawafikira. Dzuwa la kumeneko silisewera. Pofika masana milomo inali itauma, ikukanda pansi ndi phazi. Ndinatenga lamba wakale wa injini ya mpope. Kumsana sindinkamenya ayi, madamu akanaona. Ndinkamenya kumimba ndi mkati mwa ntchafu, komwe khungu ndi lofewa. Ikadumpha, ndinkawonjezera. Chipika kunalibe, ndiye ndinaikoketsa tayala la thirakitala kuzungulira bwalo mpaka thovu litayera pachifuwa. Ndinkailankhula Chichewa: "Useke tsopano. Sekatu!"

Tsiku lachinayi ndinaimasula, n'kuitengera kuchomwera. Inamwa mpaka ndinachita kuikoka. Ndinakwera, inaima nji. Ndikati yenda, inkayenda. Ndikati ima, inkaima; kungotsokomola chabe, inkadzidzimuka. Sindinama, ndinanyada. Zomwe mzee zinamukanika ndi mluzu wake, ine ndinazitha masiku anayi.

Mzee atabwerako sanafunse kanthu. Anailowera m'khola, n'kuika dzanja kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pomwe mtima umamveka. Kenako anandiitana.

"Bwera kuno. Bwerera uko, kuchipata. Bweranso."

Ndinapita ndi kubwera katatu ngati chitsiru. Kachitatuko anagwira dzanja langa n'kuliika pomwe panali lake. Mtima unkagunda ngati chigayo cha dizilo.

"Ukakhala kuchipata uli phee," anatero. "Ukayandikira ndi umenewu. Waichita chiyani?"

"Ndaiphunzitsa."

Anawerama n'kusuzumira kumimba. Mikwingwirima ya lamba inali ikuonekabe. Podzuka sanandiyang'ane.

"Loweruka kubwera dokotala. Madamu akatsika, chingwe undipatse ine, iwe ukabisale kuseri kwa khola. Ukatero ipulumuka. Zinazi ndisunga."

Loweruka madamu anaikwera okha, ulendo wautali ndithu cha kuchigwa, ndipo anabwera nkhope ili ngwee. Inamwa pamtsinje, inayenda bwino pamiyala, sinawavutitse paliponse. Chinatsala n'chakuti dokotala amve mtima, ndiye agamule.

Madamu atatsika ndinalandira chingwe monga mwa masiku onse. Mzee anatambasula dzanja. Ndinaliona dzanjalo. Ndinaganiza za madamu, omwe hatchi ikakhala yawo amaisambitsa okha Lamlungu, mpaka kumimba. Koma chachikulu sichinali chimenecho. Ine ndikabisale kuseri ngati wakuba chifukwa cha nyama yomwe inandigwetsa pamaso pa anthu?

"Ndaiphunzitsa ndine, mzee. Ndigwira ndine."

"Madamu," anatero mzee, "mnyamatayu achoke kaye pang'ono."

"Musiyeni, mzee. Simukuona momwe yaimira? Imamvera iyeyu." Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chichewa, chomwe mzee sankamva: "Akuluwa nsanje. Usawamvere, mwana wakwathu."

Mzee anabweza dzanja lake. Anali atagwira ntchito kwa mabwana ambiri, ankadziwa kuti akayamba kulankhula chakwawo, mawu ake atha ntchito.

Dokotala anaika chomvetsera chake pachifuwa cha hatchi, maso pawotchi. Ine ndinafupikitsa chingwe, n'kuyamba kuisisita pakhosi mwachikondi kuti onse aone. Inali njenjenje pansi pa dzanja langa, diso lili pa ine. Dokotala anati tidikire pang'ono. Tinaithira madzi pakhosi, tinaiika pamthunzi. Ine osasuntha. Anamveranso. Kachitatu ndinatsokomola pang'ono chabe, ngati fumbi landilowa.

Anachotsa chomvetsera m'makutu n'kupukusa mutu.

"Mtima sukutsika, mayi. Miyendo ndi yabwino, koma mtunda wautali singathe. Ikhoza kukugwerani panjira."

Kumimba sanaone chifukwa choyang'anirako. Madamu anaisisita pamphuno, misozi ili lengelenge, n'kundiuza kuti ndisadandaule, mbali yanga ndayesetsa.

Lole inabwera Lolemba cha m'ma 10 koloko. Dalaivala ndi mzee analimbana nayo nthawi yaitali, koma hatchiyo inakana kuponda thabwa lokwererapo. Mwina inamva fungo la anzake omwe anakwerapo kale. Pomaliza mzee anaponya chingwe pansi n'kupita kukakhala pandowa yake ija, nsana kwa ife.

Dalaivala anandikodola. Sindinatenge chikwapu, sindinagwirenso chingwe. Ndinangopita kukaima kumbuyo kwake n'kutsokomola. Inakwera yokha, miyendo ikunjenjemera, n'kukanikiza mutu pakona ya lole.

Dalaivala anatseka chitseko n'kundimenya paphewa. Anati wanyamula mahatchi zaka zambiri, koma munthu wodziwa kuwaphunzitsa ngati ine sanamuonepo. Ndinamuuza kuti kwathu tinayambira pa ng'ombe, ndipo tinaseka tonse awiri.