Davison wa pa Thumba Loyamba

Davison Mphepo anafika ku Kasungu ali kumsana, makolo ake atachoka ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ina ku Lisasadzi. Anakula akusoka fodya m'zigafa, manja ali bii ndi phula, ndipo ntchitoyo ankadana nayo ndi mtima wake wonse.

Mpira wa bezibo unabwera ndi mphunzitsi wina wa ku Japani. Wina amamenya kampira kolimba ndi chibonga n'kuthamangira pa thumba la mchenga, ndipo mlonda wa thumbalo amayenera kuwakha kampirako wothamangayo asanafike, phazi lili pathumba pomwepo. Davison, poti ndi wamtali ngati mlongoti, anamuika pa thumba loyamba mwa matumba atatu a pabwalo. Zaka zisanu ndi chimodzi anaima pamenepo, gulovu ikang'ambika n'kumaisoka ndi chingwe cha fodya. Anthu ankamuseka kuti bambo wandevu zake akulondera thumba la feteleza lopanda feteleza.

Atakwatira Feggie anakakhala chikamwini ku Lukwa, ndipo iye ndi anzake analambula bwalo kuseri kwa mudzi. Chomutopetsa chinali njira ya kumjigo, yomwe inkadutsa pafupi ndi thumba lake. Anadandaula, anatchinga ndi minga, amayi a m'mudzimo anachotsa mingayo. Anatchinganso, anachotsanso, mpaka Davison anangogwa ulesi.

Chaka chatha kunabwera bambo wina wa ku Lilongwe kudzasankha anyamata awiri oti akalowe timu ya mumzinda, yopereka pogona ndi ntchito. Kwa Davison iyi inali njira yokhayo yothawira fodya. Tsiku losankhalo anasewera ndi timu ina, ndipo masana onsewo Davison ankawakha ngati m'manja muli ulimbo, mlendo uja akungogwedeza mutu n'kumalemba.

Kenako, kampira kali m'malere, wothamanga akubwera fumbi lili koboo, apongozi ake aakazi anatulukira ndowa ili pamutu, pafupi penipeni. Tsiku lonseli madzi analipo, koma iwo anasankha nthawi imeneyo. Mkamwini sapenyana ndi apongozi panjira. Mutu unati wakha, koma miyendo inali italeredwa kale: inamuchotsa pathumba, n'kukanjuta kuseri kwa chulu, chipewa chili m'manja. Kampira kanapitirira mpaka kudimba, ndipo anthu atatu a timu inayo anagoletsa.

"Mwathawa chiyani, achimwene?" anafunsa mlendo uja.

"Amadutsa apongozi, bwana."

"Ku Lilongwe anthu amadutsa tsiku lonse," anatero bamboyo, natseka buku lake.

Davison anapsa mtima, koma woti amukalipire panalibe. Anakakhala pakhonde mpaka Feggie anabwera kuchokera kwa amake akumwetulira.

"Amayi akuti mkamwini waulemu ngati inu sanamuonepo. Munda wa fodya wa kumtunda uja akupatsani wonse, akuti muyambe nazale Lolemba."

Davison anamuyang'ana mkazi wake.

"Mukawauze kuti ndathokoza kwambiri," anatero.