Chipewa Chimene Ndinaponya M'madzi

Chinali chipewa cha mlaza, chotuwira ngati mapesi a chimanga, chokhala ndi kamzere kofiira m'mphepete. Mpaka lero ndikamva fungo la mlaza wonyowa mtima umandiwawa, koma sindidziwa ngati ndi mkwiyo wakale uja kapena manyazi.

Ndinali Sitandade 3. Teremu imeneyo amalume anabweretsa mwana wawo kwathu kuchokera kuchigwa, ku Sharpevale, ati mayi ake akudwala ndiye ayambe wakhala nafe. Msuweni wanga ameneyu tinali msinkhu umodzi, kalasi imodzi, mphasa imodzi. Ine ndinali ndekha kwa amayi chibadwire, ndiye mudziwe kuti sizinandikomere. Mbatata ikapsa, amayi ankainyema pakati. Bulangete limene linali langa, tsopano n'kumachita kulimbirana.

Kutatsala masabata atatu kuti titsekere Khrisimasi, aphunzitsi anati aliyense apangire makolo ake mphatso ndi manja ake, zogula ayi. Ena anayamba kuumba timiphika, ena kumanga matsache, ena kusema mithiko. Ine ndinasankha koloboyi, chifukwa nyale yathu inali itasweka galasi. Ndinatola kabotolo pamsika pa Nsipe, n'kuboola chitsekero ndi msomali, n'kupinda kachitini kopisamo chingwe. Kachitiniko kanandicheka chala chachikulu, chipsera chilipobe. Chingwe ndinadula kubulangete lomwe lija. Sindinganame, koloboyi yanga inali yopendekeka, koma inkayaka.

Msuweni anauza amalume kuti amubweretsere mlaza. Kwathu kumtunda kulibe mlaza, ife timadziwa kachewere ndi kabichi basi. Iye ankaung'amba ndi chikhadabo timizere tofanana, n'kuukulunga m'chiguduli chonyowa kuti ufewe, kenako n'kuluka chingwe chachitali chophwatalala chimene ankachisoka mozungulira kuyambira pamwamba. Zala zake zinkayenda zokha, maso ali kwina. Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandidya ine n'choti masana alionse amayi akaweruka kumunda ankakhala pakhonde n'kumasula duku, iye n'kuwaveka chipewa chosatha chija kuti ayeze.

"Chikukuthinani, azakhali?"

"Masula pang'ono kumbuyoku. Eya, pamenepo."

Amayi omwewo, amene ine ndikawayandikira atatopa ankati ndiwasiye apume, ankakhala phee, maso otsinzina, mwana wa eni akuwagwiragwira m'mutu. Koloboyi yanga ndinkaibisa kudenga kuti ndidzawadzidzimutse nayo. Ndiye yanga palibe ankaiona, ya mnzanga ikukula pamutu pa amayi anga tsiku ndi tsiku. Palibe anandiuza kuti chipewacho n'cha ndani, inenso sindinafunse. Ndikanafunsiranji ndikuona ndi maso?

Tsiku lotsekera tinayala mphatso zathu patebulo la aphunzitsi. Atafika pa yanga anainunkhiza n'kunena kuti, "Wayesetsa, koma usakatenthe nayo nyumba." Kalasi yonse inaseka. Atafika pa chipewa anachivala, n'kuyenda nacho uku ndi uku ngati bwana, n'kuuza onse kuti aombe m'manja. Ine sindinaombe.

Pobwerera kunyumba tinapeza kamtsinje ka kuseri kwa sukulu katadzaza, madzi ofiira ngati thobwa la mawere. Tili pakati pa kamlatho ka mitengo, ndinamulanda chipewa chija n'kuchiponya m'madzi. Sindinaganize n'komwe, dzanja linangopita. Chinayandama pang'ono chikuzungulira, kenako chinalowa pansi pa mabango. Ndinkadikira kuti andimenye, chibakera ndinali nditakunga kale. Iye anangokhala pansi pamitengo yonyowayo, osalira, akuyang'ana madzi. Anthu amati ndili ndi mtima wapachala, ndipo sanama, sukulunso ndinasiyira Sitandade 6 chifukwa cha ndewu. Koma pa ndewu zanga zonse palibe imene inandisiya wopusa ngati iyi, imene mwini wake sanabwezere.

Amayi sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangoti, "Chinali cha mayi ake, iwe. Mutu wangawu ankangobwereka." Ndinamva, koma sindinakhulupirire. Ndinaona ngati akungomuikira kumbuyo.

Kutatsala masiku awiri kuti Khrisimasi ikwane, amalume anafika panjinga, matope mpaka m'mawondo. Mpando anaukana. Anayankhula ndi amayi kuseri kwa nkhokwe motsitsa mawu, kenako amayi anauza msuweni kuti asambe msanga, akupita kukaona mayi ake. Ine ndinati mpata ndi womwewu, mdani akuchoka. Ndinatsitsa koloboyi kudenga n'kuwapatsa amayi ndi manja awiri. Anaitembenuza, anayang'ana chala changa chomanga kansanza, anati ndi yabwino. Kenako anaikulunga m'pepala n'kuiika m'manja mwa msuweni.

"Ukawapatse mayi ako. Usapite chimanjamanja."

Ndinagubuduka pabwalo, ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Tsiku la Khrisimasi ndinakana mpunga ndi nkhuku masana onse, n'kudzadya zozizira ndekha kukhitchini amayi atapita kumjigo. Chimene chinandiwawa chinali chimodzi: ndachekeka chala ine kuti nyale yanga ikayake m'nyumba ya eni.

Chaka chatsopano chitangolowa kunabwera uthenga. Amayi anatsikira kuchigwa, ine anandisiya kwa aneba. Ndinauzidwa kuti mayi ake a msuweni amwalira, koma kwa ine nthawi imeneyo maliro anali nyimbo ndi kuchuluka kwa anthu basi, mawa lake aliyense kumunda. Patatha sabata anabwerera awiri, atagwirana dzanja. Msuweni anali atametedwa mpala, mutu ukuchita kuwala. Amayi akukasamba, ndinaona kuti nawonso ameta. Mitu iwiri yofanana m'nyumba mwathu, ine ndekha ndi tsitsi langa lonyankhalala.

Ndinakatenga lezala pawindo n'kukaima patsogolo pawo.

"Nanenso mundimete ngati iyeyu."

Amayi anandilanda lezalalo n'kuliponya kutali. Anandigwira mapewa onse awiri, zala zawo zikulowa m'mafupa.

"Usadzapemphenso zimenezo ine ndili moyo. Wamva?"

Ndinachoka ndikukoka miyendo, mumtima ndikuti taona, ngakhale mpala womwe ndi wa iyeyo yekha. Sindinkadziwa kuti tsiku loti ine ndimetedwe chonchija, wotsala kumanda adzakhala ndani.