Ndowa Ziwiri ku Mpama

Chaka chomwe akazi anga anasankhidwa kukhala khansala, ine ndinali nditangopuma pantchito ya uphunzitsi ku Namitambo. Ife chikondi chathu chinali cha mtsutso. Nyuzipepala ikafika kuchokera ku Limbe, ngakhale ya sabata yatha, tinkalimbana nayo tsamba ndi tsamba mpaka tiyi kuzizira.

Ukhansala unatilanda zimenezo. Pomacha, pakhonde pamakhala patadzaza kale: uyu za maliro, uyu za mlatho wokokoloka. Ine ndinasanduka wotulutsa mipando. Pamsika ankangonditchula kuti amuna a khansala, ndipo zinkandiwawa, ngakhale sindinkanena.

Tsiku lina akazi anga ndinawakweza panjinga kupita ku Mpama. Midzi iwiri, wa kumtunda ndi wa kudambo, inkakanganirana malo okumba mjigo umodzi. Panjira ndinapereka nzeru yanga: "Yezani mtunda, mukumbe pakati penipeni. Palibe angadandaule."

"Aphunzitsi," anatero ali kumbuyo kwanga, "pakati pamenepo mwayeza ndi miyendo ya ndani?"

Ndinangopitiriza kupalasa.

Pamsonkhano sanachulutse mawu. Anaitanitsa ndowa ziwiri zodzaza madzi, napempha abambo awiri amene ankakuwa kwambiri, mmodzi wa mudzi uliwonse, kuti asenze kuchokera pakati paja mpaka kwawo. Wa kudambo anabwerako akuseka. Wa kumtunda, bambo wa chisoti cha kumzikiti, anatula ndowa kawiri pachitunda, malaya ali chinyowere. Atabwerera anangoti, "Mayi anga akwera bwanji pamenepa, ndi ukalamba wawo uja?" Wa kudambo yemwe uja ndiye ananena kuti mjigo usendere kumtunda.

Ndinaima patsinde pa mango nditagwira njinga. Mkazi amene ndinabereka naye ana anayi ndinkamuyang'ana ngati mlendo wochokera kutali.

Pobwerera tinayenda wapansi, njinga ndikukankha. Ndinati, "Mayi, nanga kumtundako akakumba madzi osapezeka?"

Anaima. "Zimenezo sindinaziganize," anatero, nkhope ikuwala ngati ndawapatsa mphatso. "Anthu onse aja amangondivomereza kapena kunditukwana. Tiyeni tikhale apa."

Tinakhala pamwala m'mbali mwa msewu, ine ndikujambula chitunda pansi ndi kamtengo, iwo akufufuta ndi phazi pomwe ndalakwitsa. Tinagwirizana kuti akatswiri ayambe ayeza malo awiri chakumtundako, anthu auzidwe zoona zake pasadakhale.

Madzi anapezeka pamalo achiwiri, mvula isanagwe. Tsiku lotsegulira mjigo akazi anga ananditumanso kukabwereka mipando kusukulu, ndipo ndinapita ndikuimba mluzu.