Nsanja ya Foni Idandimanitsa Maliro a Mlongo Wanga

NKHANI NAMBALA 1: KUFA KWA NSANJA YA FONI KUNO KWA CHAMAMA
Wolemba: Laitoni Yesaya Mwale, mlimi wa fodya

Kwa akuluakulu a kampani ya foni, ndi onse amene awerenge,

1. Mlongo wanga Esinati adaikidwa m'manda ine kulibe. Chifukwa chake ndi nsanja yanu.

2. Ine ndimakhala kuchikamwini kufupi ndi Chamama, koma kwathu ndi kwa Lukwa, kumene ndine mwinimbumba. Pamtundu pathu maliro sanyamuka ndisanafike.

3. Lachiwiri lina la mwezi watha, masana, kudagwa chizimalupsa cha ziphaliwali. Kuyambira pamenepo mafoni onse m'mudzi adangoti zii. Nsanja idali chiimire, jenereta ikulira monga mwa masiku onse. Tidati zibwerera zokha.

4. Esinati adatisiya Lachinayi m'mawa. Ana ake adaimba kosaleka, foni yanga osapezeka. Adasunga thupi masiku awiri m'kutentha kwa Okutobala, maso ali kumsewu. Loweruka 2 koloko masana adaika. Nthawi imeneyo ine ndidali kudambo, ndikuthirira nazale ya fodya, ndikuimba nyimbo za kwaya.

5. Lolemba ndidakwera minibasi kukagula mankhwala a nazale ku Boma. Tikuyandikira tauni, foni idayamba kulira m'thumba, uthenga pamwamba pa uthenga. Womaliza udali wa Tiyamike, mwana woyamba wa malemu: “Amalume, taika. Ngati ndi nkhani ya dimba ija, mwapambana.” Ndikuvomera kuti chaka chatha tidasemphana mawu ndi Esinati pa za dimba. Koma kodi munthu angakane mtembo wa mlongo wake chifukwa cha mizere ya mpiru?

6. Nditabwerako kumanda, Lachitatu ndidapita ku ofesi yanu ya pa Boma. Ndidafika 10:20, ndidaitanidwa 1:45. Mayi wa pakauntala adayang'ana kompyuta nati nsanja yathu ikuonetsa zobiriwira, kutanthauza kuti ili bwino. Adandilangiza kuti vuto likapitirira ndiimbe nambala ya chithandizo ndili kumudziko. Ndiimbe ndi chiyani? Ndi khasu?

7. Patatha masiku khumi ndi asanu chifereni nsanja, kudabwera mmisiri. Ameneyu ndiye adandilankhula ngati munthu. Adasolola bolodi, kathabwa ka timawaya, m'bokosi la makina nandionetsa kachipangizo kakuda, kosaposa chikhadabo. Adati, “Achikulire, mawu amafika kuno ali manambala. Aka ndi kamene kamawasandutsa mafunde, mofulumira kuposa kuphethira, kuti afike pa foni yanu. Kadapsa. Nsanja imamva, koma imalephera kuyankhula.” Adaonjezera kuti bolodi ina idalipo m'nyumba yosungira katundu, koma palibe adasaina kuti ituluke, poti kompyuta imati zonse zili bwino. Kusintha kwake kudatenga mphindi makumi anayi. Ndidaziwerenga ndili chiimire panja pa mpanda.

8. Ndidabwereranso ku ofesi kukapempha kalata yokhala ndi chidindo, yonena masiku amene nsanja idali yakufa. Adandiyankha kuti kampani silembera kalata munthu mmodzi. M'malo mwake adati andipepese ndi mayunitsi aulere.

9. Mayunitsiwo ndawakana. Kumapeto kwa mwezi uno mtundu ukumana kugawa zovala za malemu ndi kukambirana za ana anayi amene adasiya. Woyenera kutsogolera zimenezo ndine. Pakali pano alamu anga ndi adzukulu anga akukhulupirira kuti ndidathimitsa foni dala. Mawu anga okha sakuwamva. Pepala la chidindo mwina angalimve.

10. Choncho ndikupempha mwaulemu kuti kalatayo ilembedwe tsikulo lisanafike. Mizere itatu ikwanira. Netiweki tsopano ilipo yodzaza. Tsiku lililonse ndimaimbira Tiyamike, foni imalira mpaka kuduka yokha.

Ine wodandaula,
L. Y. Mwale
Lachisanu, sabata yachiwiri ya mwezi wa Novembala