Mzere Umodzi ku Embangweni

Ndinataya mkazi. Ndinataya wondiseka ndikapotoza Chitumbuka. Ndinataya kabelu ka foni kamene kankalira m'mawa uliwonse kumukumbutsa mankhwala.

Iye anali ndi kachilombo ka HIV, ine ndinalibe. Tinakwatirana tikudziwa. Mwana wathu wamkazi atabadwa, anamwino anati ayamwe bere, bola mayi asadumphitse mankhwala.

Ankhazi anga, mlongo wa bambo, anapalasa njinga kuchokera ku Manyamula kudzaletsa.

"Iwe wa kukoleji, mkaka wa munthu wodwala m'kamwa mwa khanda? Mbwenu mwatipha!"

Ndinawafotokozera zimene ndinawerenga: kuti ofufuza m'mayiko ambiri anatsata amayi oyamwitsa kwa zaka, naona kuti mankhwala akagonetsa kachilombo mwana amatetezeka kwambiri, ndipo boma linaika malangizo ake pamenepo. Pakamwa panga pankalankhula bwino. Koma mwana akamameza, ndinkayang'ana pakhosi pake.

Mkazi wanga ankangoseka. "Inu munawerenga, ine ndimamwa. Tisiyeni tidye."

Mwanayo anamuyeza kawiri ali wamng'ono, osapeza kanthu. Kunatsala kuyeza kotsiriza, akakwanitsa zaka ziwiri, atasiya bere. Mayi ake sanafikeko. Minibasi imene anakwera kukagula tomato ku Jenda inagubuduzika.

Tsiku litakwana ndinam'bereka ndekha mpaka ku chipatala cha Embangweni, pachitenje cha mayi ake, amayi apamzere akundikonzera mfundo. Namwino anam'baya chala. Dontho linayenda pang'onopang'ono pa kachipangizo koyezera, ine ndikuliyang'ana.

"Mzere umodzi, adada. Alibe."

Ndinati yewo.

Panja ndinakhala pansi pa mtengo nthawi yaitali. Anthu amene sadzamva dzina la mudzi wathu anakhala m'zipinda zakutali, kufunsa, kuyeza, kutsutsana, mpaka anagwirizana chimodzi. Chimodzicho chinayenda ulendo wonsewo, kudutsa fumbi la msewu wathu, kudzalowa m'dzanja la mkazi wanga ngati kam'bulu ka mankhwala, m'mawa ndi m'mawa. Ndipo nayu mwana akulirira chala chake, magazi ake ali oyera. Mpaka lero sindinazolowere.

M'mawa wa ngozi uja ndinali nditayambanso kudandaula za kuyezako. Mkazi wanga anamanga mpango, natenga dengu, natembenuka pakhomo.

"Bambo ake, siyani mantha. Koma tsikulo mudzam'gwire ndinu. Ine akalira ndimalira naye."